Mapiritsi otuluka ngati madzi a m'paipi: momwe mankhwala amapangidwira mosadukiza

Piritsi lomwe munthu amameza m'mawa limakhala litayenda ulendo wa miyezi lisanafike m'dzanja lake, ndipo nthawi yambiri ya ulendowo imathera pa kudikira. Ufa wa mankhwala umasakanizidwa m'chidebe chachikulu, umatsanulidwa m'migolo, migoloyo n'kuikidwa pambali mpaka a ku labotale atanena kuti wasakanizika bwino. Akavomereza, umapita ku makina ena, kumeneko n'kukaimanso. Nthawi zina gawo lina la ntchito limachitikira dziko lina, ndiye migolo ija imakwera sitima. Kapangidwe kotere, komaliza mulu umodzi musanayambe wina, eni ntchito amakatcha batch, ndipo mapiritsi ambiri omwe ali pa dziko lero anapangidwa motero.

Mafakitale ena anachoka kumeneko kalekale. Mapepala anayamba kutuluka pa makina osaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Amoniya wopangira fetereza anayamba kupangidwa mosadukiza ku Germany mu 1913, ndipo kampani ya Pilkington inalengeza njira yake yopangira magalasi oyandama pa chitsulo chosungunuka mu 1959. Kumalo oyengera mafuta, zolowa zimalowa mbali iyi, zotuluka zikutuluka mbali inayo, usana ndi usiku. Opanga mankhwala anatsalira, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Kusintha kulikonse pa kapangidwe ka mankhwala kumafuna chilolezo cha boma m'dziko lililonse lomwe mankhwalawo amagulitsidwa. Komanso pa mankhwala atsopano okwera mtengo, ndalama zopangira piritsi zimakhala kachigawo kakang'ono ka mtengo wake, choncho bwana wa kampani sankaona chomuumiriza kugwedeza njira yomwe ikuyenda.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi zomwe zili m'piritsi. Muli mankhwala enieni ochiritsa, omwe nthawi zina amachepa kwambiri, tinene mamiligalamu 5 m'piritsi lolemera mamiligalamu 200. Zotsalazo ndi zothandizira: lactose kapena cellulose zodzaza thupi la piritsi, zomatira, zofufumitsa kuti lisweke likafika m'mimba, ndi magnesium stearate pang'ono kuti ufa usakakamire ku zitsulo zodindira. Mutu wa wopanga mapiritsi umazungulira pa chinthu chimodzi, choti piritsi lotsiriza likhale ndi mamiligalamu 5 omwewo ngati loyamba. Ufa ndi wovuta kuposa madzi. Ukaugwedeza, tinthu tating'ono timatsikira pansi, tikuluikulu n'kutsala pamwamba, moti ufa womwe unasakanizika bwino ukhoza kulekananso pongousamutsa kuchoka m'chidebe kupita m'mgolo. Umayamwa chinyontho, umamatirira m'zitsulo, umaumbika timibulu, ndipo ufa wochokera kwa wogulitsa yemweyo umatha kusiyana khalidwe mwezi uno ndi mwezi wamawa.

M'kapangidwe ka batch, umboni womaliza woti zonse zili bwino umachokera pa mapiritsi ochepa. Poyeza ngati mankhwala ali ofanana m'piritsi lililonse, mabuku a miyezo ya mankhwala amati ayambe ndi mapiritsi 10, ndipo zikakayikitsa awonjezere 20. Poyeza kasungunukidwe amayamba ndi 6. Izi zimachitika pa mulu womwe ungakhale ndi mapiritsi miliyoni. Sindikunena kuti mankhwala opangidwa chonchi ndi okayikitsa. Fakitale yabwino imakhala itatsimikiza kale njira yake poibwereza kangapo, ndipo makina akudinda, antchito amayeza kulemera ndi kulimba kwa mapiritsi pafupipafupi. Komabe labotale ikapeza vuto, imalipeza ntchito itatha, ndipo sipakhala njira yodziwira mapiritsi abwino ndi oipa. Mulu wonse umatayidwa.

Palinso vuto lakukulitsa. Mankhwala akamayesedwa pa odwala ochepa, amapangidwa m'chidebe chaching'ono. Akavomerezedwa, pamafunika chidebe chachikulu kakhumi kapena kuposa, ndipo ufa suyenda chimodzimodzi m'chidebe chachikulu. Nthawi yosakanizira, madzi othira, kutentha koyanikira, zonse zimayenera kufufuzidwanso, ndipo kufufuzako kumadya mankhwala okwera mtengo ndi miyezi yambiri.

Kupanga mosadukiza kumalumikiza makina onsewo kukhala mzere umodzi. Ufa umalowa pamwamba, mapiritsi amatuluka pansi, ndipo pakati palibe mgolo wodikira. Zikumveka zosavuta, koma pamene pagona luso ndi pa khomo penipeni polowera ufa.

Chinthu chilichonse chopita m'piritsi chimakhala ndi makina ake ochithira. Makinawo ndi kankhokwe kokhala pa sikelo, kokhala ndi chitsulo chopota pansi pake chomwe chimakankha ufa chikamazungulira. Kompyuta imayang'ana momwe kulemera kwa kankhokweko kukutsikira. Kukatsika msanga kuposa momwe kuyenera, imachepetsa liwiro la chitsulo, kukachedwa imawonjezera. M'kapangidwe ka batch munthu amayeza makilogalamu kamodzi n'kuthira, koma kuno kuyeza kumachitika sekondi iliyonse, ndipo cholakwika cha pano chimayenda mpaka m'piritsi. Nthawi yoopsa ndi pamene kankhokwe kakudzazidwanso. Ufa ukulowa ndi kutuluka nthawi imodzi, sikelo imasokonezeka, ndiye kwa kanthawi makina amayenda mongodalira liwiro lomwe analidziwa kale. Ufa watsopano ukagwa mwamphamvu umapanikiza wa pansi, n'kutuluka wambiri kuposa muyezo. Akatswiri amatha miyezi akuphunzira zimenezi pa ufa uliwonse: adzaze kankhokwe katatsala pati, ndi ufa wochuluka bwanji, chitsulo chopota chikhale cha mtundu wanji. Ine ndimaona kuti amene wamvetsa makina othira ufawa wamvetsa theka la nkhani yonse.

Kuchoka apo ufa umalowa m'chosakanizira, chomwe ndi paipi yokhala ndi timapiko tozungulira m'kati. M'paipimo mumakhala makilogalamu ochepa pa nthawi imodzi, ndipo ufa umadutsamo kwa mphindi zowerengeka. Ngati ufawo umayenda bwino, umapita molunjika ku makina odinda mapiritsi, ndipo imeneyi ndi njira yachidule kuposa zonse. Ngati ndi wosayenda kapena wosagwirana, umayamba wadutsa m'makina a zitsulo ziwiri zopota zomwe zimaukanda ndi madzi pang'ono kwa masekondi ochepa, n'kutuluka ngati timibulu. Timibuluto timaumitsidwa ndi mpweya wotentha. Makina ena odziwika, a kampani ya GEA otchedwa ConsiGma, ali ndi choumitsira cha zipinda 6: china chikudzazidwa, zina zikuumitsa, china chikukhuthulidwa, kotero kuti mzere sukuima ngakhale kuumitsa kumafuna nthawi. Kenako kupera, kuthira magnesium stearate, kudinda, ndi kukutira mapiritsi ngati pakufunika.

Nanga popeza palibe poimira kuti a labotale atape ufa, zimadziwika bwanji kuti wasakanizika? Labotale imalowa m'makina momwemo. Kachipangizo kamawalitsa pa ufa ukudutsa kuwala kosaoneka ndi maso, komwe amakutcha near-infrared, kapena NIR mwachidule. Chinthu chilichonse chimameza kuwalaku mosiyana, ndiye kompyuta ikaona kuwala kobwerera imawerengera kuchuluka kwa mankhwala ndi chinyontho m'ufawo, masekondi angapo alionse. Makina odinda nawonso amalemba mphamvu yomwe agwiritsa ntchito pa piritsi lililonse, ndipo piritsi lopepuka kapena lolemera mopitirira amalikankhira kunja pomwepo.

Koma kuona vuto sikokwanira. Pamafunika kudziwa kuti ufa wolakwikawo uli pati tsopano, ndipo ufika liti kotulukira. Apa ndi pamene pali mfundo yomwe ndimaikonda kwambiri m'nkhani yonseyi. Tayerekezani paipi yomwe mukudutsa madzi, inu n'kudonthezamo inki kamodzi kolowera. Kotulukira simudzaona dontho limodzi ayi. Padzapita kanthawi madzi ali oyera, kenako mtundu udzayamba kuoneka pang'ono, udzakula, n'kuyamba kuzirala mpaka kutha. Inki ina inathamanga, ina inazungulirazungulira m'kati. Ufa umachitanso chimodzimodzi, ndipo opanga mankhwala amayeza zimenezi pa mzere wawo mwa kuthira dala chizindikiro kolowera n'kuwerenga nthawi yomwe chikuonekera ndi kuthera kotulukira. Muyezo umenewu amautcha residence time distribution, kapena RTD.

Ukaudziwa, zinthu ziwiri zimatheka. Choyamba, umadziwa zolakwika zomwe mzere ungazimeze wokha. Makina othira akadumpha kwa masekondi awiri, chosakanizira chimamwaza kudumphako m'ufa wambiri mpaka sikuonekanso m'piritsi. Akadumpha kwa mphindi yathunthu, sichingathe. Chachiwiri, vuto likakula kompyuta imawerengera kuti mapiritsi okhudzidwa ayamba kutuluka nthawi yakuti ndipo atha nthawi yakuti, n'kutsegula kachitseko kowapatutsira ku zotaya. Vuto likadutsa, kachitseko kamatsekeka. Zotayidwa ndi mapiritsi a mphindi zochepa, osati a tsiku lonse. Ndipo wogulitsa lactose akadzaimba foni patapita mwezi kunena kuti thumba lina linali ndi vuto, muyezo womwewo umasonyeza mapiritsi omwe lactose wa thumbalo analowamo.

Anthu ambiri ankaganiza kuti malamulo salola zimenezi, chifukwa bokosi lililonse la mankhwala limayenera kukhala ndi nambala ya batch, yoti likafunika kubwezedwa lidziwike. Chodabwitsa n'chakuti malamulo a ku America anali atalemba kale kuti pa mankhwala opangidwa mosadukiza, batch ikhoza kuwerengedwa ndi nthawi kapena ndi kuchuluka, bola ikhale yofanana khalidwe. Wopanga akhoza kunena kuti zotuluka m'maola 16 ndi batch imodzi, kapena makilogalamu akutiakuti. Khomo linali lotsegula, koma makampani ankaopa kukhala oyamba kulowa.

Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, ndi lomwe linayamba kuwakoka dzanja. Mu 2004 linatulutsa malangizo olimbikitsa kuyeza mankhwala akupangidwa m'malo modikira mapeto, ndipo mu 2014 linakhazikitsa gulu loti makampani azikambirana nalo za njira zatsopano asanapereke mapepala opempha chilolezo. Janet Woodcock, yemwe anatsogolera nthambi ya mankhwala m'bungwelo kwa zaka zambiri, ankalankhula za nkhaniyi mosatopa. Kumbali ya kafukufuku, kampani ya Novartis inagwirizana ndi yunivesite ya MIT mu 2007, n'kuikapo madola 65 miliyoni kwa zaka 10. Mu 2013 anasonyeza kafakitale kamodzi komwe kankayamba ndi makemikolo, n'kupanga aliskiren, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, mpaka kutulutsa mapiritsi, ulendo wonse m'maola pafupifupi 47.

Mankhwala oyamba opangidwa mosadukiza omwe FDA inavomereza anali Orkambi, a kampani ya Vertex ku Boston, mu Julayi 2015. Amathandiza odwala cystic fibrosis, matenda obadwa nawo omwe amadzaza mapapo ndi makhololo olimba. Mu Epulo 2016 panachitika chinthu chomwe mwina chinali chachikulu kuposa pamenepo: kampani ya Janssen inaloledwa kusamutsa mankhwala omwe anali kale pa msika, Prezista wa mamiligalamu 600, wa HIV, kuchoka ku batch kupita ku mzere wosadukiza pa fakitale yake ya ku Gurabo, Puerto Rico. Mzerewo anaukonza mothandizana ndi yunivesite ya Rutgers ndi ya Puerto Rico. Kampaniyo inati ntchito yomwe inkatenga pafupifupi milungu iwiri m'zipinda 7 tsopano inkatha tsiku limodzi m'zipinda 2. Anatsatira Eli Lilly ndi Verzenio, wa khansa ya m'mawere, mu 2017, ndi Pfizer ndi Daurismo mu 2018. Pfizer inapanganso mzere waung'ono woti ukhoza kunyamulidwa zidutswazidutswa n'kukalumikizidwa kwina. Mu Novembala 2022 bungwe la ICH, lomwe limagwirizanitsa malamulo a mankhwala pakati pa Ulaya, Japan, America ndi maiko ena, linavomereza malangizo otchedwa Q13, ndipo kampani tsopano ili ndi chikalata chimodzi choyambirapo m'malo mongopeka zomwe boma lililonse lingafune.

Zonse ndafotokozazi ndi za kudinda piritsi. Kupanga mankhwala enieni aja, ufa wochiritsa, nakonso kuli ndi njira yake yosadukiza, ndipo kumeneko phindu lake ndi la mtundu wina. M'malo mothira makemikolo m'thanki ya malita masauzande, amawayendetsa m'timapaipi topyapyala momwe amakumana ndi kusandulika akuyenda. Makemikolo ena akakumana amatulutsa kutentha koopsa, ndipo m'thanki yaikulu kutenthako kumasowa kothawira. M'kapaipi kamathawa msanga chifukwa madzi onse ali pafupi ndi khoma. Chinthu chophulika kapena chapoizoni chimapangidwa pang'onopang'ono n'kugwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo, osasungidwa. Kuwala nakonso, komwe sikungalowe pakati pa thanki, kumadutsa kapaipi konse. Mu 2012 Peter Seeberger ndi François Lévesque a ku Max Planck Institute ku Germany anagwiritsa ntchito zimenezi kupanga artemisinin, mankhwala a malungo, kuchokera ku kemikolo wotchedwa dihydroartemisinic acid, pomuyendetsa ndi okosijeni m'kapaipi kozengedwa pa nyali. Mu 2016 akatswiri a ku MIT anaonetsa makina aakulu ngati firiji omwe ankatha kusinthidwa kuti apange mankhwala anayi osiyana: diphenhydramine, lidocaine, diazepam ndi fluoxetine.

Phindu lomwe limatchulidwa kwambiri ndi liwiro, koma kwa ine lalikulu ndi lakuti vuto lakukulitsa lija limachepa. Ukafuna mapiritsi ambiri sugula makina aakulu, umangoyendetsa omwewo nthawi yaitali. Makina omwe anapanga mapiritsi oyesera pa odwala akhoza kukhala omwewo opanga a pa msika, ndipo zonse zomwe anaphunzira pa iwo zimagwirabe ntchito. Mliri ukabuka, mzere womwe unkayenda maola 8 ukhoza kuyenda maola 80, ngati chilolezo chake chikufika pamenepo. Ndipo boma likakhutira ndi zoyeza za m'kati mwa mzere, limatha kulola kuti mankhwala atulutsidwe potengera zomwe zinayezedwa akupangidwa, popanda kudikira mayeso ena a milungu ku labotale.

Zovuta zake nazo n'zenizeni. Mzere ukamayamba komanso ukamazimitsidwa, pamakhala mphindi zomwe zinthu sizinakhazikike, ndipo zotuluka nthawi imeneyo nthawi zambiri zimatayidwa. Makina amodzi akafa, onse amaima, chifukwa palibe mgolo pakati woti ena azipitirizira ntchito. Ufa umamatirira pa kagalasi ka NIR n'kukanamiza. Masamu omwe kompyuta imagwiritsa ntchito pomasulira kuwala anaphunzitsidwa pa ufa wakutiwakuti, ndiye wogulitsa akasintha kaperedwe ka ufa wake, masamuwo amayenera kuonedwanso, mwinanso kukanena ku boma. Kutsuka mzere kuti upange mankhwala ena ndi ntchito yomasula zitsulo zambirimbiri, kuzitsuka, kuziumitsa, kuzimanganso ndi kutsimikiza kuti sipanatsale kanthu, ndipo imatha kutenga masiku. Antchito ake amafunika kudziwa za ufa, za makina ndi za kompyuta pamodzi, ndipo anthu otere sapezeka wamba. Wantchito yemwe kale ankanyamula migolo tsopano amakhala patsogolo pa sikirini, ndipo belu likalira ayenera kudziwa msanga ngati walakwa ndi ufa kapena kachipangizo koyezera.

Apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Mu 2019 FDA inafufuza mankhwala 163 omwe anasowa ku America pakati pa 2013 ndi 2017, ndipo inapeza kuti 62 pa 100 alionse anasowa chifukwa cha mavuto a kapangidwe kapena a ubwino wa mankhwalawo. Ambiri mwa mankhwala osowasowa ndi akale, otchipa, omwe aliyense ali ndi ufulu wopanga, ndipo ochuluka ndi obaya. Tikayang'ana mndandanda wa omwe akupangidwa mosadukiza, tikupeza mapiritsi atsopano a makampani akuluakulu, ena mwa iwo okwera mtengo koposa pa dziko lonse. Njira yomwe ingachepetse kusowa kwa mankhwala yafika poyamba kumene kusowako kunalibe.

Chifukwa chake si kuuma mtima kokha, ndi masamu. Wopanga mankhwala otchipa amapeza phindu lochepetsetsa pa piritsi. Makina ake a batch anawalipira kale zaka zapitazo, ndipo pa makina omwewo amapanga mankhwala a mitundu makumi angapo, lero awa, mawa ena. Kuti asamuke, ayenera kugula mzere wa madola mamiliyoni, kuphunzira ufa uliwonse payekha, n'kukapemphanso chilolezo m'dziko lililonse. Akatero, wogula mankhwala ambiri, kaya ndi boma, kaya chipatala, amasankhabe wotchipa, chifukwa pa pepala mapiritsi onse awiri anakhoza mayeso ofanana. Palibe pamene wogula amaona kuti fakitale iyi imayeza ufa sekondi iliyonse, inayo imayeza mapiritsi 10 pamapeto. Lipoti la FDA lija linatchula zomwezi, loti msika sulipira wopanga chifukwa cha kudalirika kwake, ndipo linapempha kuti pakhale njira yoikira mafakitale pa mlingo woti ogula aziuona.

Alipo omwe akuyesa kulowera khomo lina. Ku Virginia Commonwealth University, Frank Gupton, yemwe anagwirapo ntchito m'makampani a mankhwala asanakhale mphunzitsi, anayamba ndi nevirapine, mankhwala akale a HIV. Gulu lake linafufuza njira yachidule yowapangira kuchokera ku makemikolo otchipa, yotaya zochepa, ndipo mbali zina za ntchitoyo linaziyesa m'timapaipi. Mu 2017 bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation linapereka madola 25 miliyoni kuti ntchitoyo ikule kukhala Medicines for All Institute, yoyang'ana mankhwala a HIV, chifuwa chachikulu ndi malungo. Njira zomwe amapeza amazifalitsa poyera kuti wopanga aliyense azitenge. Pa mankhwala otchipa ngati amenewa, ufa wochiritsa ndi womwe umadya gawo lalikulu la mtengo wa piritsi, choncho iwo anayambira kumeneko, makina odinda n'kuwasiya kaye momwe alili.